Dzuwa ndi la tonse, nanga mtenje ndi wa ndani?

Mu 2024, caka cimene mvula inakana ndipo madzi a ku Kariba anaphwa kwambili, ndinafunsa ana anga a Giledi 12 funso ili mu Civic Education: lamulo likakhala limodzimodzi kwa anthu onse, kodi ndiye kuti ndi lacilungamo? Ambili anati inde. Mtsikana wina wa ku Kanyama, amene amakonda kukhala cete kumbuyo, ananyamula dzanja. "Ba ticha, boma yakamba ati aliyense angaike sola. Manje ise tinkhala pa lenti. Tizaika pa mutu?" Kalasi yonse inafa nako kuseka. Inenso ndinaseka, koma funso lake silinandicoke mpaka lelo.

Mukumbukila mmene zinalili. Magetsi ambili a dziko lino amacokela ku madzi. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo pofika September malaiti anali kubwela maola ocepa cabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku tonse tili mtulo. Boma silinangopinda manja. Linacotsa msonkho pa zipangizo zambili za sola zolowa m'dziko, ndipo caka comweco linakhazikitsa lamulo la net metering: ukaika mapanelo pa mtenje wako, magetsi otsala umawatumiza m'mawaya a ZESCO, iwo n'kukubwezela pa akaunti yako. Ndi nzelu yabwino, sindiitsutsa.

Koma mvetsetsani mawu aja akuti "mtenje wako". Lowani m'yadi ya ku Chawama, ku George kapena ku Mtendere. Mudzapeza mabanja angapo, mita imodzi, ndi malata a alandilodi. Mukangochula zokhoma msomali pamwamba, adzakufunsani amene adzalipila nyumba ikayamba kudontha mu January, ndipo sanalakwe kufunsa. Ngakhale atalola, ndani angataye ndalama zake pa nyumba imene angacotsedwemo ndi notisi ya mwezi umodzi? Msonkho anacotsela tonse, inde, koma phindu lake linakatela ku Kabulonga ndi ku Ibex Hill, kumene mwini mtenje, mwini mita ndi mwini ndalama ndi munthu mmodzi. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Sanatiuze zoti acite amene denga lomwelo si lake.

Mnzanga wina wophunzitsa Physics amanditsutsa. Akuti nyumba yaikulu ikayamba kudzipangila magetsi, amene ikanadya amatsalila ife. Pa masamu sindingamugonjetse. Koma munthu wolemela akatuluka mu mdima, amatuluka ndi mawu ake. Kale lodishedingi inali kupweteka loya ndi wometa tsitsi pamodzi, ndipo loya akadandaula maofesi anali kumva. Lelo loya ali ndi inveta, sadziwa n'komwe kuti malaiti apita. Wometa tsitsi watsala kudandaula yekha, ndipo iye samveka kutali.

Acinyamata ena amati ndiye angocotsa malamulo onse, aliyense aike mmene afunila. Apa sindigwilizana nawo. Waya woonda umatentha, batili yabodza imaphulika, ndipo m'komboni mmene nyumba zapsompsonana, moto ukabuka kwa mmodzi ndiye kuti wabuka kwa onse. Inveta yolumikizidwa molakwika ingabwezele magetsi m'waya pamene wanchito wa ZESCO ali pamwamba pa polo, akuganiza kuti laini ndi yakufa. N'cifukwa cake Energy Regulation Board imapeleka malaisensi kwa ocita malonda a sola, ndipo kanso ili ndi udindo pa zomangamanga. Lamulo lotelo limateteza neba wako kwa iwe. Vuto limabwela ngati kulitsatila kufuna kuti wowochelela mageti atseke shopu masiku angapo akuzungulila maofesi ndi mapepala. Akalephela, lamulo lomwelo limamusandutsa wolakwa, pamene colakwa cake n'cakuti alibe nthawi ndi ndalama za basi.

Cimene cimandidabwitsa n'cakuti kanso nayo ndi landilodi, ndipo mitenje imene iyang'anila ndi ya ife tonse. Misika ndi masitesheni a basi zili m'manja mwake. Onjezelani masukulu ndi makiliniki a boma. Malata onsewo amangowamba dzuwa tsiku lonse, pansi pake mayi wogulitsa nkhuku akutaya katundu cifukwa filiji yazima. Ndalama si kuti kulibe: mu 2022 CDF inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse, ndipo mapulojekiti ake amayambila ku Ward Development Committee, kumene anthu wamba ayenela kunena zimene afuna. Kanso ingathenso kucepetsela maleti landilodi amene waika sola n'kulumikiza onse a m'yadi popanda kukweza lenti. (Ndidziwa, ambili angalandile kucepetsako n'kukwezabe lenti. Inenso ndikhala pa lenti, ndiwadziwa bwino.) Koma kalasi imodzi yowala usiku pa sukulu ya m'komboni sifuna cilolezo ca landilodi aliyense.

Mtsikana uja anawelengela mayeso ake ndi tochi ya foni, imene anali kuchajitsa pa kantemba molipila. Tsiku lina nditamufotokozela za Ward Development Committee, anandifunsa kuti amakumanila kuti, ndiponso ngati mwana wa sukulu amaloledwa kukamba. Ndinayamba kusanthula mapepala pa tebulo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa za makomiti amenewa, ndi kupeleka mamaki kwa ana owafotokoza bwino, koma ine mwini ndinali ndisanapondeko ku msonkhano wawo ngakhale umodzi.