Kuona maso a nkhono n'kudekha

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukaikhudza imabisa mutu m'chigoba, koma ukaidikira imatulukira yokha. Nzeru imeneyi imafunikanso poika BIOS yatsopano m'kompyuta yakale ya patebulo.

BIOS imakhala m'kachipu ka pa motherboard, ndipo ndiyo imadzutsa makinawo Windows isanayambe. Polemba yatsopano, yakale imafufutidwa. Magetsi akathima ntchito ili mkati, kompyuta ikhoza osayakanso.

Choncho yambani mwawerenga dzina la motherboard ndi kanambala ka pakona, monga Rev 1.0. Tengani fayilo yakeyake ya BIOS kwa opanga, kaya ASUS kaya Gigabyte. Lumikizani UPS, chipangizo chopatsa kompyuta mphamvu magetsi akathima. Kamzere koonetsa kuti BIOS ikulembedwa kakayamba kuyenda pasikirini, musakhudze batani lililonse. Ndipo ngati kompyuta ikugwira bwino ntchito, isiyeni momwemo.