Kholo la Papepala

Ndili mwana kwathu ku Mulanje, anzanga ankandiseka kuti "mzungu wa m'tiyi" chifukwa cha khunguli. Agogo aakazi ankangoti bambo awo anali Mngelezi woyang'anira esiteti ina ya tiyi. Atabwerera kwawo, sanatumizeko ngakhale kalata.

Chaka chatha ndinati ndimufufuze. Abale, sizinavute. Pa intaneti, m'kalembera wa ku England wa 1911, ndinamupeza: dzina, zaka, ngakhale ntchito ya bambo ake. Bandulo isanathe n'komwe, ndinali nditatsata mibadwo inayi.

Kenako ndinafuna mayi amene anabereka agogowo. Ziii. Palibe pepala lililonse. Chomwe tikudziwa n'choti anali Mlomwe, makolo awo anachokera ku Mozambique n'kudzagwira thangata. Mwanayo analera okha.

Apa ndinachita manyazi. Ife timatsata mbumba ya mayi, mwini mbumba ndi malume. Nanga bwanji ndinathamangira amene anathawa, n'kusiya amene anatsala? Kodi kholo ndi amene anasiya dzina m'kaundula, kapena amene ankagona ndi njala kuti mwana adye?

Mngeleziyo sindimukana, magazi ake ali mwa ine. Koma magazi okha salera munthu, ndipo kulembedwa sikutanthauza kuti ndiwe wofunika kuposa wosalembedwa.

Loweruka ndinapita kwa achemwali awo a agogo, foni ili m'manja. "Agogo, amayi anu dzina lawo anali ndani?" Anaseka kaye, kenako analitchula. Ndalilemba pamwamba penipeni pa mndandanda.