Kodi Mwana Alephere Kawiri Asanalandire Mankhwala?

M'dziko la United States munali lamulo la Boma lonena za ana osakwana zaka 18 amene anagwidwa ndi cizolowezi ca mankhwala a mtundu wa opium. Lamulolo linati mwana wotere asapatsidwe methadone, mankhwala oziziritsa cibaba cace, kufikira pataoneka umboni wolembedwa wakuti iye anayesa kawiri kuleka mwa njira zina m'kati mwa miyezi 12, nalephera kawiri konseko. Mau a kulephera kawiri amenewa anafafanizidwa m'caka ca 2024, atakhala m'mabuku a malamulo zaka zambiri. Amene anawalemba sanali anthu ouma mtima. Iwo anaopa kumangirira mwana ku mankhwala ena zaka zosawerengeka pamene kapena akadamasuka popanda mankhwalawo, ndipo mantha otere sali opusa. Koma pa nthenda iyi kugwa kumodzi kukhoza kukhala imfa, ndipo mwana amene anafa pa kuyesa kwace koyamba sanafike konse pa khomo limene lamulo linamlonjeza. Pamenepo pagona funso lakale: kodi munthu womangidwa ndi cizolowezi ali wolakwa woyenera kulawa kuwawa kwa kulakwa kwace, kapena wodwala woyenera kuthandizidwa msanga ndi ciri conse cimene cilipo?

Opium ndiwo utomoni wa duwa lochedwa poppy, umene anthu a ku Asia ndi ku Europe anaudziwa kuyambira kale lomwe monga woletsa ululu ndi wogonetsa tulo. Ca m'ma 1805 mnyamata wina wosakaniza mankhwala ku Germany, Friedrich Sertürner, anapatula mphamvu ya utomoniwo nayicha morphine. M'caka ca 1898 kampani ya Bayer inayamba kugulitsa heroin, wopangidwa kucokera ku morphine, monga mankhwala a cifuwa. Mankhwala onse a banja limeneli amakakhala pa malo ena a mu ubongo, malo amene thupi linasungira zoletsa ululu zace zeni. Thupi likawazolowera limafuna muyeso wokulirapo kuti limve comwe linamva poyamba. Munthu akawaleka mwadzidzidzi amasanza, amatsegula m'mimba, amanjenjemera ndi thukuta lozizira, mafupa amamphwanya, tulo timamthawa, ndipo adziwa bwino lomwe kuti kambulu kamodzi kakhoza kuthetsa zonsezi msanga. Muyeso ukapitirira, kupuma kumacepa pang'ono pang'ono kufikira kuleka. Wotereyu amafa monga ali m'tulo, ndipo kawiri kawiri a m'nyumba amayesa kuti akuliza mkonono cabe.

Amene amati munthu wotere asachedwe wodwala ali ndi mau olemera, ndipo ayenera kumvedwa. Iwo amati malungo amadza ndi udzudzu munthu osauitana, koma heroin munthu amamfuna yekha, namgula ndi ndarama zimene nthawi zina waziba m'cikwama ca amace. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu: ndi makolo ndi abale amene amasenza manyazi, ngongole ndi usiku wosagona. Kumuuza mnyamata kuti iye angodwala cabe, iwo amatero, ndiko kumlanda cinthu ca mtengo wapatali koposa, ndico cidziwitso cakuti ali ndi cifuniro ndipo akhoza kusankha mwina. Ali ndi umboninso. Pa nkhondo ya ku Vietnam asilikari ambiri a America anazolowera heroin, pafupi mmodzi mwa asanu. Boma linaopa kuti onsewa adzabwera kwao ali akapolo, koma Lee Robins, mai wofufuza amene anawatsata m'zaka zoyamba za m'ma 1970, anapeza kuti oposa 9 mwa 10 alionse sanabwerere ku ukapolowo m'caka coyamba atafika kwao. Cotero unyolo umenewu umaduka, ndipo pa ambiri unaduka popanda dokotala.

Koma njira ya cilango America anaiyesa, ndipo anaiyesa nthawi yaitali. Lamulo la Harrison la 1914 linaika mankhwala a opium pansi pa ulonda wa Boma, ndipo m'caka ca 1919 Bwalo Lalikuru la dzikolo linaweruza kuti dokotala wopatsa munthu morphine kuti angomsunga m'cizolowezi cace sakucita nchito ya udokotala. Madokotala ambiri anazengedwa milandu, otsala anacita mantha, ndipo odwala anatembenukira kwa ogulitsa a mumdima. M'caka ca 1935 Boma linatsegula ku Lexington, m'cigawo ca Kentucky, nyumba yaikuru imene inali ndende ndi cipatala pamodzi, kumene anthu analima, naweta ng'ombe, nakhala miyezi yambiri osalawa kanthu. Ocuruka a iwo atatuluka anabwerera ku heroin. Ku Britain akuru anasankha njira yina: komiti yotsogoleredwa ndi Sir Humphry Rolleston inanena m'caka ca 1926 kuti cizolowezi cimeneci ciri nthenda, ndi kuti dokotala akhoza kupatsa wodwala muyeso woyenera. Ku America kunapita zaka 36 kuti Bwalo Lalikuru linene, pa mlandu wa Robinson wa 1962, kuti kumanga munthu cifukwa ca kungokhala kapolo wa mankhwala ndi cilango cankhanza. Mwini mlanduyo anali atafa kale caka capitaco, oweruza asanagamule.

Tsono za kusankha kuja, ndi bwino kufunsa kuti anasankha ndani, ndipo anasankha ciani. M'caka ca 1996 kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa mibulu yochedwa OxyContin, niuza madokotala kuti ngozi ya kuizolowera njocepa. M'caka ca 2007 kampaniyo inabvomera m'bwalo kuti inanamiza anthu, nilipira madola oposa 600 miliyoni. M'caka ca 2020 inabvomeranso milandu yina. Anyamata ambiri anakomana ndi mibulu yotere kucipatala atathyoka mwendo pa mpira kapena atazulitsa dzino, ena anaipeza m'kabati ya agogo ao. Mibulu itayamba kusowa, ambiri anapita ku heroin, ndipo pambuyo pace kunadza fentanyl wopangidwa mobisa, amene mphamvu yace iposa ya heroin ngati ka 50. Mamiligalamu 2, kaufa kokwana pa nsonga ya pensulo, akhoza kupha munthu wosazolowera. M'caka ca 2021 ndi ca 2022 anthu oposa 100,000 anafa caka ciri conse m'dzikolo ndi mankhwala opitirira muyeso, ocuruka a iwo ndi fentanyl.

Pa ana a zaka 14 kufikira 18 nkhani iri yodabwitsa koposa. Imfa zao zinali zosakwana 500 m'caka ca 2019, koma m'caka ca 2021 zinapitirira 1,100, ndipo m'caka ca 2022 anafa ana ngati 22 sabata iri yonse. Komatu ciwerengero ca ana olawa mankhwala oledzeretsa sicinakwere m'zaka zimenezo. Ana sanaipe kuposa akuru ao. Cimene cinasintha ndi cakupha cimene cinali m'mibulu. Mtsikana wa zaka 15 amagula mbulu umodzi kwa munthu amene wampeza pa foni, nayesa kuti ndi mankhwala a ululu onga a kucipatala, pamene uli wonyenga, wodindidwa m'nyumba ya munthu ndi fentanyl m'kati. Kupusa kulipo ndithu, ndipo palibe cifukwa cakukubisa. Koma mlandu uli wonse uli ndi dipo lolingana nao, ndipo palibe mfumu yoweruza bwino imene ingagamule imfa pa kupusa kwa madzulo amodzi kwa mwana.

Methadone anapangidwa ku Germany nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri pafupi kuyamba. M'caka ca 1964 madokotala Vincent Dole ndi Marie Nyswander anayamba kumpatsa tsiku ndi tsiku kwa anthu ozolowera heroin mu mzinda wa New York. Anaona kuti pakuti mankhwalawa amalowa pang'ono pang'ono nakhalitsa m'thupi tsiku lathunthu, munthu wolandira muyeso woyenera saledzera ndiponso sazunzika ndi cibaba. Amadzuka, nasamba, napita ku nchito kapena ku sukulu. Buprenorphine, amene analoledwa pa nchito imeneyi m'caka ca 2002 ndipo akhoza kupatsidwa kuyambira zaka 16, amacita cimodzimodzi ndi ngozi yocepa ya kuletsa kupuma. Otsutsa amati uku ndiko kungosintha mbuye, kapolo akhalabe kapolo. Mauwa amamveka okoma m'khutu, koma sayang'ana bwino tanthauzo la ukapolo. Kapolo wa heroin tsiku lace lonse liri la mbuye wace: amaba, amanama, amagulitsa zobvala zace, nataya abwenzi. Wakumwa buprenorphine m'mawa tsiku lace liri lace. Iye adalira mankhwala monga wodwala nthenda ya shuga adalira jekeseni wace, ndipo palibe amene amacha wa shuga kapolo.

Pali cina cimene amene afuna kuti mwana aleke ndi mphamvu zace zokha saciganizira mokwanira. Munthu akakhala masabata angapo osamwa, thupi limaiwala cizolowezi cace, koma mtima suiwala muyeso wakale. Tsiku limene agwa, amamwa monga anali kumwera, ndipo thupi silingathenso kuusenza. Ofufuza a m'cigawo ca Washington anaonetsa m'caka ca 2007 kuti m'masabata awiri oyamba munthu atatuluka m'ndende, ngozi yace ya kufa ndi mankhwala opitirira muyeso inaposa ya anthu ena koposa ka 100. Cotero nyumba imene isunga mnyamata mwezi umodzi osampatsa kanthu, nimtulutsa ndi manja opanda kanthu, ikhoza kumtumiza ku imfa ngakhale inamfunira zabwino. Kufufuza kwa m'maiko ambiri kwaonetsa kuti methadone ndi buprenorphine amacepetsa imfa pafupi ndi theka. Amene alemekeza cifuniro ca munthu ayenera kukhala oyamba kufuna kuti mwini cifuniroco akhale ndi moyo kufikira tsiku limene adzacigwiritsa nchito.

Inde, mankhwalawa sali opanda bvuto. Methadone wosasungidwa bwino wapha ana ang'ono amene anampeza m'nyumba, ndipo mbulu supatsa mnyamata nchito, sum'bwezera atate wace amene anacoka, sucotsa cisoni cimene cinamtuma ku mankhwala poyamba. Asilikari a ku Vietnam aja anacira cifukwa anacoka ku malo a mantha nabwerera kwa abale ndi ku nchito. Mwana wa m'mudzi wosauka wa ku West Virginia alibe kwina kobwerera, pakuti kwao ndiko kumene kuli nthendayo.

Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linanena m'caka ca 2016 kuti acinyamata apatsidwe mankhwala amenewa. Koma m'caka ca 2023 ofufuza ena anafalitsa zimene anapeza ataimba foni ku nyumba 160 zogoneka ndi kuthandiza acinyamata, akudziyesa abale a mwana wa zaka 16. Nyumba imodzi yokha mwa zinai inali kupereka buprenorphine. Nyumba zociritsa ana mwa kuwasewera ndi akavalo zinali zocuruka cimodzimodzi. Kavalo ndi nyama yabwino, ndipo kapena amatonthoza mtima wa mwana, koma palibe anaonetsa kuti amaletsa imfa.

Za kuchinjiriza ana asanagwe, America anadalira kwambiri kuopseza. Dongosolo lochedwa D.A.R.E., loyambika ku Los Angeles m'caka ca 1983, linatuma apolisi m'masukulu kukacenjeza ana, koma pofufuza pambuyo pace kunaoneka kuti maphunziro ace oyambawo sanasinthe macitidwe a ana kweni kweni. Dziko laling'ono la Iceland linayenda njira yina. M'caka ca 1998 ana a zaka 15 ndi 16 okwana 42 mwa 100 alionse anati analedzerapo mowa m'mwezi wapitawo. Pofika 2016 anatsala 5. Akuru a kumeneko anapangana kuti makolo azikhala nthawi yambiri ndi ana ao, anaika ora limene ana ayenera kukhala atalowa m'nyumba, ndipo mzinda wa Reykjavik unayamba kulipirira ana masewera ndi zoimba-imba. Nkhondo yao inali ya mowa, fodya ndi camba, ndipo dziko lao liri ndi anthu osakwana theka la miliyoni. Komabe anaonetsa kuti madzulo a mwana akadzala ndi zocita, wogulitsa amasowa polowera.

Kutsutsana koopsa kunali pa naloxone, mankhwala amene amacotsa opium pa malo ace mu ubongo nabwezera munthu kupuma m'mphindi zowerengeka. Analoledwa m'caka ca 1971, koma zaka zambiri anakhala m'manja mwa a cipatala okha, pakuti ena anati wodziwa kuti adzadzutsidwa adzalimba mtima kumwa koposa. Maganizo omwewo akadaletsa kuika cingwe m'mbali mwa citsime, poopa kuti ana adzasewera pafupi. Kunalinso ana amene anasiya mnzao akufa cifukwa ca kuopa apolisi. Cotero cigawo ca New Mexico m'caka ca 2007, ndi zigawo zina zambiri pambuyo pace, zinaika malamulo ochedwa ndi dzina la Msamariya Wacifundo, oteteza woitana cithandizo kuti asamangidwe cifukwa ca mankhwala ocepa opezeka pamalopo. M'mwezi wa September 2022 mtsikana wa zaka 15 anapezeka atafa m'cimbudzi ca sukulu yina ku Los Angeles atamwa mbulu wonyenga, ndipo mwezi womwewo akuru a masukulu a mzindawo analamula kuti naloxone aikidwe m'sukulu iri yonse. M'mwezi wa March 2023 Boma linalola kuti naloxone wopopera m'mphuno agulitsidwe m'sitolo popanda kalata ya dokotala. M'caka ca 2024 imfa za m'dziko lonselo zinatsika kufika ngati 80,000.