Kaimeni Pamaso pa Komiti, Ana a ku Nyanja

Dzina lanu likangotuluka pa ndandanda wa okafotokoza pulopozo ya kafukufuku wa digiri yachiwiri, tulo timathawa. Kaya muli ku Bunda, kaya ku Mzuni, kaya ku Chancellor, chipinda chake n'chimodzimodzi: madokotala ndi mapulofesa ali ndandanda, zolembera zili m'manja, inu muli chilili kutsogolo, kukhosi kuli gwa. Imani ndithu! Makamaka inu a ku Senga Bay, Lifuwu, Chipoka ndi Chikombe amene mwasankha kufufuza za nsomba ndi asodzi, musalowemo mutazolika mutu.

Mafunso awo amaluma. Funso lanu lenileni ndi liti? Anthu owafunsa mwawasankha bwanji? Ndalama ya boti ndi mafuta ichokera kuti? Alipo ena, tisabisane, amene amafunsa pofuna kuti anzawo awaone kuti anawerenga. Koma ambiri akuchita zomwe msodzi wanzeru amachita ndi bwato lake: kulifufuza ming'alu likadali pamchenga, mwera usanadzuke.

Amene amagwa msanga ndi uja wobwera ndi mutu wonga "kuchepa kwa nsomba m'nyanja ya Malawi". Nyanja yotalika makilomita oposa 500, yokhala ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, munthu mmodzi angaimalize m'zaka ziwiri? Chepetsani mutu, musachite nawo manyazi. Pafupi pomwepa pali chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira. Kuyambira m'ma 1950, mafumu ndi asodzi akhala akutseka usodzi pachilumbachi kuyambira Disembala mpaka Epulo kuti utaka uswane. Mowa ndi njuga n'zoletsedwa kumeneko, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Dongosololi linayamba kale kwambiri lisanabwere lamulo la boma la usodzi la 1997, lomwe linatsegula khomo loti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamala nsomba. Akatswiri ochokera kunja amakwera ndege kudzaphunzira za Mbenje. Nanga inu, amene mudakula mukudya utaka womwewo, mukunjenjemeranji? Funsani chinthu chimodzi chogwirika: kodi utaka wophedwa ku Mbenje umasiyana bwanji kukula ndi wa pamadooko a ku Senga Bay? Funso lotere komiti ingalikoke uku ndi uku, koma siliduka.

Ndipo pali zinthu zomwe inu mukudziwa zimene buku silinena bwino. Mukudziwa kuti wolemba kuti akayeza nsomba ku Mbenje mu Januwale akapeza pachilumba palibe munthu. Mukudziwa kuti mu Juni ndi Julayi mwera ukhoza kukhazika maboti pagombe masiku angapo, choncho kalendala ya kafukufuku iyenera kukhala ndi mpata. Mukudziwa kuti sungangofika padooko ndi mapepala n'kuyamba kufunsa asodzi a chilimira: umayamba walonjera kwa amfumu, kwa a komiti ya padooko ndi ku ofesi ya zausodzi. Zimenezi zineneni mokweza, mukuwayang'ana m'maso. Pulofesa akamva zotere amaika cholembera pansi n'kutchera khutu.

Funso likakuposani, musapeke yankho. Nenani kuti, "Zikomo bwana, mbali imeneyo sindinaiganizire, ndikaikonza," ndipo lembani pomwepo iwo akuona. Wokakamira bodza ndiye amatuluka thukuta kawiri.

Usiku woti mawa ndi tsikulo musauthere pa kompyuta. Itanani anzanu awiri olimba pakamwa, akupanikizeni ndi mafunso mpaka mufotokoze cholinga chanu m'ziganizo zitatu, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe. Ngati azakhali anu owamba nsomba sangamve chomwe mukufuna kupeza, ndiye kuti nanunso simunachimvetse.

Akakupatsani zokonza, kaya masamba awiri kaya asanu, sikuti mwalephera. Khalani nazo pansi sabata yomweyo, tumizani kwa supavaiza, tengani chilolezo cha kafukufuku, kenako kwerani minibasi ya ku Salima. Mbenje amatsegula mu Epulo, ndipo asodzi akayamba kukocheza ndi utaka woyamba, akupezeni muli kale pagombe ndi sikelo yanu.