“Ndidzakugulira Maŵa”—Kodi Mwana Wanu Angawakhulupirire Mawuwo?

KUCHIYAMBI kwa ma 1920, Harry Burt, wopanga maswiti wa ku Youngstown, m’boma la Ohio ku United States, anayamba kutumiza galimoto zokhala ndi mabelu kukagulitsa ayisikilimu m’makwalala. Chiyambire nthaŵiyo, ana a m’maiko ambiri aphunzira kuzindikira kulira kwa belu limenelo ali patali. M’matauni a Zimbabwe, monga Mutare, wogulitsayo kaŵirikaŵiri amakhala pa njinga kapena amakankha kangolo ka kampani ya Dairibord. Ku Marange, dera louma ndi lotentha kummwera koma chakumadzulo kwa Mutare, ana ambiri amadziŵa bwino mafirizesi, timapepala tapulasitiki ta madzi otsekemera oumitsidwa ndi chisanu, timene amayi amagulitsa pazipata za sukulu ndi pamalo okwerera basi. Tina timapangidwa ndi malambe, amene Ashona amawatcha mauyu.

Kaya malondawo afike pa galimoto, pa njinga, kapena m’bokosi losenzedwa pamutu, chotulukapo chimakhala chimodzimodzi. M’kutentha kwa October, maseŵera amalekezedwa panjira, timiyendo timathamanga, ndipo kholo limamva mfuu yakuti, “Amayi, ndigulireni!” Chisangalalo chimenecho nchachibadwa ndipo sichili cholakwa. Komabe, ndalama sizimakhalapo masiku onse. Chotero makolo ambiri amayankha kuti, “Ndidzakugulira maŵa,” akudziŵa bwino lomwe mumtima mwawo kuti maŵa sadzagula. Kodi bodza laling’ono lotero lili ndi kanthu?

Chifukwa Chake Makolo Amalonjeza

Tiyenera kuvomereza kuti kholo lonena mawuwo silimakhala ndi cholinga choipa. Limafuna kutontholetsa mwana mwamsanga, makamaka pamaso pa anansi. Nkopweteka kuuza mwana wako kuti ulibe ndalama pamene anzake akunyambita zala. Ndiponso, ambiri amalingalira kuti mwana wa zaka zinayi adzakhala ataiŵala dzuŵa lisanaloŵe.

Makolo ena amasankha njira ina. Amagula nthaŵi iliyonse pamene mwana walira, ngakhale ndi ndalama ya ndiwo. Mwinamwake amakumbukira mwambi wakuti, mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere m’manja. Koma mwambiwo umanena za kulola munthu wosamva uphungu kuti aphunzire mwa kuona yekha zotulukapo. Mwana amene amapatsidwa ayisikilimu atalira amatengapo phunziro lina, lakuti misozi ndiyo imamasula mfundo ya pachitenje cha amake. Njira ziŵiri zonsezi zimathetsa phokoso la lero. Nanga bwanji za mtima wa mwanayo?

Zimene Ofufuza Anapeza

Chakumapeto kwa ma 1960 ndi kuchiyambi kwa ma 1970, Walter Mischel wa pa Yunivesite ya Stanford anayesa ana aang’ono mwa njira yosavuta. Mwana anali kupatsidwa switi imodzi nauzidwa kuti akayembekezera kwa mphindi zingapo osaidya, adzalandira ziŵiri. Kwa zaka zambiri anthu analingalira kuti kuyesa kumeneku kunangosonyeza ana amene anabadwa odziletsa.

Komano mu 2012, Celeste Kidd ndi anzake pa Yunivesite ya Rochester anawonjezerapo chinthu chimodzi. Asanatulutse switi, wofufuza analonjeza aliyense wa ana 28 a zaka 3 kufikira 5 kuti adzamtengera zolembera zithunzi zabwinopo. Kwa theka la anawo iye anabwerera nazo. Kwa theka linalo anabwerera chimanjamanja napepesa. Ndiyeno onse anayesedwa ndi switi. Ana amene lonjezo lawo linasungidwa anayembekezera mphindi pafupifupi 12 pa avareji. Amene anagwiritsidwa mwala anayembekezera mphindi pafupifupi 3 zokha.

Kodi ana a gulu lachiŵiriwo anali adyera kuposa anzawo? Kutalitali. Iwo analingalira bwino. Ngati mawu a munthu wamkulu ali opanda pake, chanzeru ndicho kudya chimene chili m’manja. Motero kuleza mtima kwa mwana kumamera pa chidaliro, ndipo chidalirocho chimamangidwa kapena kugwetsedwa ndi malonjezo aang’ono a tsiku ndi tsiku.

Achikulire Nawonso Amatero

Anthu a ku Marange safunikira ofufuza kuti awauze zimenezi, pakuti anaziona zikuchitika kwa achikulire. M’zaka za 2006 kufikira 2008, ndalama ya Zimbabwe inali kutha mphamvu mofulumira kwambiri kwakuti chakumapeto kwa 2008 mitengo ya zinthu inali kuŵirikiza kaŵiri pafupifupi tsiku lililonse. Mu January 2009 boma linatulutsa ndalama yapepala ya madola 100 thiriliyoni. Munthu amene anasunga malipiro ake kufikira maŵa anapeza kuti asungunuka monga firizesi yosiyidwa padzuŵa.

Mkati mwa nyengo imeneyo, mu 2006, mbiri inawanda yakuti ku Chiadzwa, m’dera la Marange lomwelo, kuli dayamondi. Anthu zikwizikwi anathamangira kumeneko, ndipo aphunzitsi ndi ana a sukulu ena anasiya makalasi. Mapeto ake anali omvetsa chisoni. Gulu la Human Rights Watch linasimba mu 2009 kuti anthu oposa 200 anaphedwa pamene asilikali analanda malowo chakumapeto kwa 2008. Sikungakhale kwachilungamo kuwatcha onsewo aumbombo, popeza ambiri anathamangitsidwa ndi njala. Koma taonani mfundo yake: Pamene maŵa aleka kudalirika, ngakhale munthu wa imvi amaleka kuyembekezera. Nanga kuli bwanji mwana wamng’ono, amene maŵa ake onse ali m’kamwa mwa atate ndi amayi ake?

Mayankho Atatu Oona

Kholo silingalamulire mitengo ya zinthu kapena mvula, koma lingalamulire mawu ake. Pamene belu lilira, pali mayankho atatu amene onse ali oona.

Loyamba ndilo “inde.” Ngati ndalama ilipo, gulani mokondwa, popanda kung’ung’udza. Mwana afunikira kudziŵa kuti zinthu zina zabwino zimaperekedwa chabe chifukwa chakuti amakondedwa. Ngati firizesi ili imodzi ndipo ana ali aŵiri, iduleni pakati. Adzaphunzira kuti kugaŵana sikumachotsa kukoma.

Lachiŵiri ndilo “iyayi.” Linenedwe mofatsa, limodzi ndi chifukwa chimene mwanayo angachimve: “Lero ndalama imene ndili nayo nja kuchigayo.” Iye angalire, ndipo anansi angatembenuke. Koma misozi imeneyo imauma msanga, ndipo mwanayo amaphunzira kuti umphaŵi si chinthu chobisa ndi bodza.

Lachitatu ndilo lonjezo lokhala ndi tsiku: “Loŵeruka, ndikagulitsa tomato.” Limeneli ndilo lolemera koposa, pakuti Loŵerukalo lidzafika. Ngati mulisunga, mwanayo amalandira zoposa ayisikilimu, chifukwa kwa masiku angapo amakhala akuŵerenga zala ndi kukondwera pasadakhale, ndipo potsirizira pake amaona kuti kudikira kumapindulitsa. Ngati chinachake chakulepheretsani, musayembekezere kuti aiŵale. Yambani ndinu kuitchula nkhaniyo, longosolani chimene chachitika, ndipo ikani tsiku lina.

Akuluakulu amati mmera mpoyamba. M’zaka zoŵerengeka, mwana yemweyo adzauzidwa kuti apirire sukulu chifukwa mphotho ili patsogolo, kuti asafulumire kuloŵa m’banja, ndi kuti akane ndalama zopezedwa mwachinyengo. Uphungu wonsewo umampempha kusiya chokoma cha lero kaamba ka chabwinopo cha maŵa. Kaya adzaumvera kapena ayi zidzadalira kwakukulukulu pa zimene anaphunzira ponena za mawu anu pamene nkhani inali ya kapepala ka madzi ozizira chabe. Chotero musanalonjeze kanthu, dzifunseni kuti: ‘Kodi ndidzachitadi zimenezi?’ Ngati simudzatero, mwana wanu adzapindula kwambiri ndi “iyayi” woona mtima.