Khutba ya Lachisanu: Kodi Kuyenda ndi Ana M'chilengedwe Nkutaya Nthawi?

Timutamande Allah amene adatambasula nthaka, naikhazikitsa ndi mapiri, nayendetsa mitsinje pakati pake. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, kwa akubanja kwake ndi kwa maswahaba ake onse. Akapolo a Allah, tikulangizana pamodzi nanu kuti timuope Allah, mobisika ndi moonekera.

Abale athu m'Chisilamu, ambiri a ife timati bambo akagula ufa, akalipira zofunika za sukulu, natumiza mwana ku madrasa, udindo wake watha. Tikaona wina akukwera phiri la Caloeira ndi ana ake timati alibe chochita. Funso la lero ndi ili: kodi ulendo wotere nkutaya nthawi, kapena ndi gawo la amana imene tidzafunsidwe pa tsiku la Kiyama?

Qur'an yolemekezeka siyankhula kwa munthu wotsekeredwa m'nyumba. M'Surat Al-Ghashiya, ndime 17 mpaka 20, Allah akudzudzula anthu osalingalira za ngamira, thambo, mapiri ndi nthaka. Sura zathunthu zidatchulidwa maina a njuchi, nyerere ndi kangaude. Liwu la Chiarabu lakuti aya limatanthauza ndime ya Qur'an, limatanthauzanso chizindikiro cha m'chilengedwe. Choncho mwana amene waloweza ndime yonena za mapiri, koma phazi lake silidapondepo phiri, wagwira mawu, tanthauzo lake likumudikirabe panja. Mtumiki mwini adaleredwa kuchipululu kwa mayi Halima, adaweta mbuzi ndi nkhosa ali wamng'ono, ndipo chivumbulutso choyamba chidampeza m'phanga la Hira, pamwamba pa phiri.

Ife a ku Tete sitifunika ndalama za ulendo. Zambezi wadutsa pakati pa mzinda wathu. Milambe yatizungulira, masau amapsa nyengo yachisanu. Koma tidzifunse: ndi ana angati a m'bairro muno mwa Samora Machel amene amadziwa za m'telefoni ya bambo wawo kuposa dzina la mtengo umene uli kuseri kwa nyumba? Amawoloka mlatho ali m'galimoto, maso ali pansi. Tsiku lina tiwoloke nawo wapansi mlatho umenewu, womwe wakhala ukutinyamula chiyambire 1973, tiime, tiwauze kuti madziwa achokera kutali ku Zambia, adutsa m'damu la Cahora Bassa, akupita kunyanja yamchere. Munthu adamanga damu ndi mlatho, koma dontho limodzi la madziwo sadalenge.

Wina anena kuti kutchire kuli njoka, mumtsinje muli ng'ona, ndipo dzuwa la Okutobala ndi Novembala kuno limapitirira madigiri 40. Mantha amenewa ndi oona, pakuti moyo wa mwana ndi amana yoyamba. Koma taonani: mwana amene timamuletsa, amapitabe kumtsinje, kungoti amapita yekha kapena ndi anzake osadziwa kanthu. Amene wayenda ndi bambo wake amadziwa doko loopsa, amadziwa kusapisa dzanja m'mphako, amadziwa kunyamula madzi ndi kubwerera dzuwa lisadakwere. Kudalira Allah sikutsutsana ndi kusamala. Mtumiki adamuuza mwini ngamira kuti ayambe waimanga, kenako adalire Allah.

Khutba yachiwiri

Akapolo a Allah, kuona kokha sikukwanira. M'Surat Al-Baqara, ndime 30, munthu adaikidwa kukhala khalifa padziko, kutanthauza mlonda wa zinthu zomwe mwini wake ndi wina. Mwana sangasunge chimene sadachikonde, ndipo sangakonde chimene sadachione. Matumba a makala amene amalowa mumzinda uno m'mawa uliwonse adali mitengo. Sitinyoza m'bale amene akudyetsa banja ndi ntchito imeneyo, popeza ndife amene timaphikira makalawo. Koma phiri likavulidwa, madzi a mvula amatsika mwaukali, atakokolola nthaka. Sitidaiwale Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana adadzaza Revubue, mlatho wake nkugumuka. Mtsinje uli ndi mphamvu, ndipo ana athu adzakhala nawo ife titapita.

Paulendo wina maswahaba adatenga tiana ta mbalame, make nkumaulukauluka movutika. Mtumiki adalamula kuti atibwezere. Adatiphunzitsanso kuti mtengo wobzalidwa ndi Msilamu umasanduka sadaka nthawi iliyonse imene munthu, mbalame kapena nyama yadyako. Mnyamata wa legeni m'khosi sangamve bwino zimenezi pa mkeka wa madrasa. Adzazimva pansi pa chisa, dzanja la bambo wake lili paphewa pake.

Choncho tisankhe m'mawa umodzi sabata ino, tikatha Swala ya Fajr. Titenge ana aamuna ndi aakazi omwe, pakuti zizindikiro za Allah sizidatsitsidwire anyamata okha. Tiyende ndi liwiro la wamng'ono mwa iwo. Tiyankhe mafunso awo mofatsa, tisathyole chosadyedwa, tisasiye pulasitiki, tisayatse moto. Ulendo wotere, ukachitika ndi niya yabwino, ndi ibada.

E Allah, tsegulani maso athu ndi a ana athu kuti tione zizindikiro Zanu. Atetezeni pamtunda ndi pamadzi. Tipatseni mvula yothandiza, yosaononga, ndipo tikhululukireni ife ndi makolo athu. Aamin. Imirirani tiswali.