Maso a Mlendo pa Tsiku Loyamba

Kuyambira 1971 achinyamata a ku Japan akhala akubwera kuno kudzathandiza m'sukulu ndi m'zipatala zathu, ndipo ana athu ena nawonso amapita kwawoko kukasula luso kudzera m'bungwe la JICA. Akafika ku Tokyo, tsiku loyamba lopuma amalithera kuona malo. Amadutsa pa siteshoni ya Shinjuku, pamene anthu oposa 3 miliyoni amadzera tsiku lililonse, napita ku Asakusa kukaona kachisi wa Chibuda wotchedwa Sensoji. Dzuŵa lisanaloŵe kuno, zithunzi zimakhala zitafika kale pa lamya za makolo ku Mvera.

Timakondwera nazo, n'zoona. Koma kodi mwana wathuyo waona chiyani? Waona nyali yaikulu yofiira pachipata, utsi wa lubani, ndi agogo ena aakazi ataŵerama, manja ali pamodzi. Wawajambula osawapempha. Iye sadziŵa kuti kachisi amene akumuyesa wamakedzanayo adapsa ndi mabomba mu Malichi 1945, usiku umene anthu pafupifupi 100,000 adafa mumzindamo, ndi kuti nyumba yaikuluyo adaimanganso mu 1958. Mwina agogowo akutchula maina a abale awo amene adatsalira m'moto umenewo.

Ife a kuno zimenezi sitichita kuuzidwa. Galimoto ya alendo opita kunyanja ku Salima imaima pamsewu wathu, galasi n'kutsika, wina n'kujambula mayi wogulitsa tomato mwana ali kumsana, kenaka ulendo, moni osapereka, ngakhale mulu umodzi osagula. Chimatiŵaŵa si tomatoyo ayi, koma kuti mayi uja amutenga ngati mtengo kapena phiri, chinthu chongokometsera ulendo wa eni galimoto.

Ena adzati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akapanda kuona zonse lero adzaziona liti? Mawuŵa ali ndi nzeru, ndipo kuchita chidwi ndi dziko la eni si tchimo. Komabe pamudzi pathu mlendo amayamba waodira, nakhala pamphasa kudikira malonje. Sayamba ndi kusuzumira m'nkhokwe, ngakhale akhale wopitirira tsiku lomwelo.

Ku Sensoji nakonso kuli kaodiridwe kake. Pafupi ndi nyumba yaikulu pali kasupe, ndipo eni ake amayamba asamba m'manja ndi kutsuka m'kamwa asanakwere makwerero. Wothamangira chithunzi amangomulambalala kasupeyo.